Silinda Imene Sinakwere Lole

Nyumba yathu inali yabwino, ndipo amene akuti ndikunama abwere adzanene pamaso panga. Ya zipinda zitatu, m'tauni ya m'chipululu ya Mesa, mtengo wa mandimu kuseri. Ine Fidencio Barragán ndinaigula ndi msana, osati ndi satifiketi, chifukwa sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu kwathu ku Sonora. Mkazi wanga Amparo ankatidzutsa Lamlungu lililonse kuti tipite ku Misa yoyamba, ndipo pakhomo pathu palibe amene ankagwira tortilla, buledi wathu wa chimanga, asanapemphere. Mwana tinali naye mmodzi, Nicanor. Mwana womvera. Anatumikira kuguwa mpaka ndevu zitayamba kumera. Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za iyeyo kuti achinyamata a mpingo awerenge. Ndalemba. Polakwika akonze okha, ndiwo anapita kusukulu.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinagubuduza masilinda pabwalo la fakitale yopanga ubongo wa mafoni ndi makompyuta. M'katimo, mmene mumalowa ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ine sindinapondemo ngakhale kamodzi. Amati ndingalowetse fumbi. Koma mpweya umene amagobera mbale zopyapyala zopangira ubongowo unkadutsa m'manja mwanga. Uli ndi dzina lalitali ngati sitima, la anthu a madigiri. Ife pabwalo tinkangouitana kuti Eyiti, poti pasilinda pamalembedwa C4F8. Suoneka, sununkha. M'makina mwawomo amaukwiyitsa ndi magetsi, ndiye umadya mbale ija n'kugobapo tinjira toti tsitsi lanu poyerekeza ndi chipika. Chaka chilichonse ankatikhazika m'kalasi ngati ana n'kumatiuza zomwezomwezo: Eyiti pamtetete ndi wofatsa, koma ukakumana ndi lawi la moto umasanduka utsi wowotcha mapapo. Ukapuma utsiwo, thamangira kuchipatala ngakhale ukumva bwino, chifukwa umayamba wakunamiza kaye.

Nicanor ndinamulipirira zaka ziwiri za koleji ndi Maloweruka anga. Anzanga akuwotcha nyama, ine ndili pabwalo, nsapato zikumata paphula. Atamaliza anamulemba ntchito pafakitale pomwepo, yosintha masilinda m'chipinda cha gasi chapansi pa makina. Chaka chake choyamba ankalandira kuposa ine wa zaka makumi awiri. Ndinanyada, inde. Kansanje kanaliponso, ndisakunamizeni.

Zinayamba ndi tulo. Lamlungu lina Amparo anagogoda pachitseko chake.

"Nica, dzuka mwanangu, tichedwa."

"Amayi, Mulungu akudziwa kuti dzulo ndagwira maola thwelofu."

"Ntchito yake iti yonunkha mowa chonchi?"

Ndinakankha chitseko. "Ine ndagwira zaka zonsezi, Misa sindinaphonyepo. Vala."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi, mutu uli papilo. "Ndiye mwapindula chiyani, Ababa? Msana wokhota ndi galimoto yoti eyakoni inafa ine ndili kusekondale?"

Tinapita awiri. Amparo analira njira yonse. Ine sindinalire, ndinangoyendetsa.

Kenako kunabwera Casimiro Duarte. Wokonza maeyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja, wa kavani koyera kolembedwa nambala ya foni mbali zonse, mano agolide awiri, kamwa lokoma ngati la wogulitsa mankhwala a chikondi. Anakumana kumowa. Tsiku lina madzulo ndikuthirira mandimu, iwo atakhala pakhonde ndi zitini, ndinawamva.

"Aise, masilinda amene mumabweza aja, si amatsala kena kake pansi?"

"Amatsala. Wapansiwo mabwana saufuna, amati ungawadetsere mbale."

"Ndiye mumabweza? Koma inu! Ndaona pafoni, gasi ameneyo ndi msuweni wake wa gasi wa m'mafiriji. Julaye ali pakhomo ndi kutentha kwake kuja, mani. Agogo okhala m'makalavani aja eyakoni ikangofa amalira ngati ana, chimene wanena amapereka. Iwe ubweretse kamodzi, kakang'ono, zina zonse ndine."

"Nanga akazindikira?"

"Ndani? Fakitale ya mabiliyoni ilire zotsalira m'mbale? Iwe unaphunzira, koma ukuganiza ngati madala ako."

Ndinaponya paipi pansi. "Iwe Casimiro, nyamuka. Tuluka pakhomo panga."

"Aa, pepani madala, sitinakuoneni. Timangocheza." Ananyamuka akuseka. "Mwakhala ndi masilinda mpaka mwayamba kufanana nawo, mutu wolimba, pakamwa potseka."

Atapita ndinamuuza Nicanor: "Mpweya umene uja si wa maeyakoni. Ndipo si wako. Ameneyu ndi fisi, tsiku la maliro ako adzabwera kudzadya, osati kudzalira."

"Mwamaliza ulaliki, Ababa?" Anatsegula chitini china.

Amparo naye anayesa. Anamugwira manja onse awiri patebulo. "Mwanangu, sindinakubereke kuti uzidya za eni. Chimene wasowa pano n'chiyani? Nena." Iye anamupsompsona pamphumi n'kunena kuti Amayi mumaonera mafilimu ambiri.

Tsopano mumve za ntchito yathu, chifukwa tchimo langa lili pamenepo. Lachinayi lililonse lole ya kampani ya gasi imabwera kudzatenga masilinda ogwira kale ntchito. Lamulo lake ndi la anthu awiri. Wina amawatulutsa pansi paja, wina wa pabwalo amawawerenga, kugwira chivundikiro chilichonse ndi dzanja kuti chamangika, kenako onse awiri amasaina. Amatero kuti wina akalakwitsa mnzake aone. Amene anakonza lamuloli sanaganize za bambo ndi mwana wake.

Lachinayi la sabata yoyamba ya Juni, pepala linati masilinda ang'onoang'ono a Eyiti khumi ndi awiri. Ndinagwira zivundikiro. Ndinagwiranso kachiwiri.

"Leveni," ndinatero.

"Thwelofu, Ababa. Sainani, dalaivala akuchedwa."

"Mpaka thwelofu ndinaphunzira. Ili kuti?"

Anayandikira khutu langa. Mpweya wake unkanunkha mowa wadzulo ndi chingamu. "Ili m'galimoto mwanga, pansi pa lona. Mukanena, alonda andigwira pageti pompano. Mukufuna Amayi azikandionera pagalasi kundende? Lolemba ndibweza, ndikulumbira."

Dalaivala analiza hutala. Dzuwa linali likumenya pamutu. Ndinayang'ana nkhope ija, nkhope imene ndinaipukuta mamina, ndipo ndinasaina.

Lolemba sanabweze. Patapita masabata awiri ndinasainanso. Kenako kachitatu. Kachitatuko sananong'one n'komwe, anangondipatsa cholembera ngati akupatsa wantchito wake. Ndinadziwa kuti a kampani ya gasi adzazindikira, poti silinda iliyonse ili ndi nambala, koma ndinkangoti mwina mawa, mwina mwezi wamawa. Ndinasiya kulandira Ukaristia. Amparo anafunsa chifukwa, ndinati bondo likuwawa, sindingaime pamzere.

Loweruka la pakati pa Julaye linali tsiku lobadwa la Amparo. Kutentha kwake, chogwirira cha geti chinkaotcha dzanja. Azichemwali ake anabwera ndi mapoto a nyemba ndi keke, ine ndinakoleza makala pansi pa mandimu. Nicanor anali atachoka m'mawa ndi Casimiro, akuti kantchito kamodzi, abwera msanga.

Cha m'ma 11 koloko kavani koyera kanaima pageti, injini osazimitsa. Nicanor anatsika, kavani kanathawa chitseko chisanatsekeke bwino. Anabwera kuseri akutsokomola, maso ofiira ngati wasuzumira m'tsabola. Anavula magalasi ake a m'maso n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Sankayera. Anali atachita mbuu, ngati wina wawakwecha ndi mchenga.

Ndinawalanda. Ndinapaka chala. Mbuu uja sunali pamwamba, unali utadya galasi lenilenilo. Ndinamuyang'ana m'maso.

"Wawotcha paipi muli Eyiti."

"Tsitsani mawu, Ababa."

"Yankha!"

"Paipi ya eyakoni ya agogo ena a m'kalavani imadontha. Kutulutsa gasi kaye kumachedwetsa, ndiye Casi anati tingomata msanga ndi moto, tili ndi nyumba zina zitatu. Kachipinda kake kothina, ndinalowa ndekha. Kunangotuluka kautsi koyera, basi."

"Tiye kuchipatala. Pompano."

"Ndili bho. Mwamva? Chifuwa chasiya kale." Anapuma mokoka kuti ndione, n'kutenga chitini m'bokosi la ayezi.

"Umanamiza! Iwenso unakhala m'kalasi muja, unamva. Ndikugwadira, Nica, tiye."

Ndinagwadadi, ine munthu wa imvi, padothi lotentha, mpeni wa nyama uli m'manja.

Anawerama. "Tikapita, akafunsa kuti ndapuma chiyani. Ndikatchula, akafunsa kuti ndinautenga kuti. Lolemba lisanafike nkhani ili kufakitale. Ine ndatha, inunso mwatha. Masiginecha atatu aja ndi a ndani? Penshoni yanu yatsala zaka zingati, zitatu? Dzukani, azakhali akuyang'ana."

Ndinadzuka. Ndinabwerera kumakala.

Achinyamata inu, mumve bwino pamenepa. Sindinali mbuli ya nkhaniyi. Pa zinthu zonse za padziko, ichi chokha ndinkachidziwa kuposa dokotala. Ndipo ndinatembenuza nyama.

Maola asanu. Akazi akuimba, akudula keke, ine khutu lili pa mwana. 12 koloko anadya, anaseka ndi asuweni ake, ndinati mwina Mulungu watikhululukira. 1 koloko anakhala pansi. 2 koloko anati alowe m'nyumba kozizira. Ndinalowa kanayi ngati ndikufuna mchere. Nthawi iliyonse ndinkati tiye, iye nthawi iliyonse ankapukusa mutu. Ndinabisala kuseri kwa galaja n'kuimbira Casimiro. Foni inali yotseka. Ndinapemphera pemphero la wakuba: Ambuye, muchiritseni popanda wina kudziwa.

Amparo anandipeza pa mandimu. "Bambo ake a Nica, mwanayu watuwa bwanji?"

"Ndi dzuwa. Msiyeni agone."

Ndinamunamiza pa tsiku lake lobadwa, keke ili m'manja mwake.

4 koloko itangokwana ndinamva kukuwa. Ndinapeza Amparo atagwada pa sofa. Nicanor anali atakhala tsonga, milomo yabuluu, thovu lofiirira likutuluka pakona ya kamwa. Akapuma, m'chifuwa munkamveka ngati madzi akubwata. Munthu akumira ali pa sofa, m'chipululu mopanda mtsinje.

Sindinadikire ambulansi. Ndinamunyamula ngati silinda, msana womwe ankaunyoza uja, n'kumuika kumbuyo kwa galimoto, mutu pamiyendo ya mayi ake. Maloboti ofiira ndinangodutsa. Amparo ankabwereza Tikuoneni Maria mosapumira. Pagalasi ndinaona mwana akundiyang'ana, milomo ikuyenda popanda mawu. Ndinadziwa chimene ankandiuza. Musanene.

Kuchipatala anamuthamangitsira m'kati. Patapita kanthawi kunatuluka dokotala wamkazi, wamng'ono msinkhu, pachifuwa palembedwa Tsosie.

"Ndinu bambo ake? Wapuma chiyani mwana wanu?"

"Timawotcha nyama. Mwina utsi wa makala."

"Bambo, utsi wa makala suchita zimenezi. Mapapo ake akudzaza madzi, kukhosi kwapsa. Iye sangathe kulankhula. Ngati ndi mankhwala ozunguza bongo nenani, ine si wapolisi. Poizoni aliyense ali ndi njira yake. Ndikapanda kudziwa ndikhala ndikungolota, ndipo nthawi yolota tilibe."

Ndinayang'ana pansi. Ndinaona zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndinaona nyumba. Ndinaona mwana wanga atavala zandende, ndi ine pambali pake. Mpaka pamenepo, mwana akufa kuseri kwa katani, ndinali ndikuyezabe. Ndalemba kuti mudziwe mmene tchimo limaumitsira munthu.

Amparo anandigwira kolala. Chikwatirane sananditchulepo dzina pagulu.

"Fidencio. Mukudziwa. Nkhope iyi ndagona nayo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mukudziwa! Mwanayu akafa inu mutatseka pakamwa, mudzandiikanso ine m'dzenje lomwelo. Nenani!"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo dzina lija, dzina la anthu a madigiri, linandikanika. Ndinaliona pasilinda tsiku ndi tsiku kwa zaka zonsezo, koma lilime langa silinaliphunzire. Ndinangoti, "Eyiti, Eyiti," dokotala akundiyang'ana ngati wamisala. Ndinasolola cholembera m'thumba lake, ndinalemba pachikhatho changa: C4F8. Pambali ndinajambula lawi la moto.

"Wa kufakitale," ndinatero. "Wogobera mbale. Anauba. Anauwotcha m'paipi ya eyakoni."

"Nthawi yanji?"

"Isanakwane 11."

Anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kundiyang'ana ine. Kunali bwino akanandimenya. Anangofunsa ngati alipo wina amene anapuma utsiwo ndi kuti nyumbayo ili kuti, kenako anathamanga akuitana anzake.

Agogo a kalavani ija anapezeka ali bwino. Anali atathawira kwa aneba chifukwa cha kutentha. Chimenecho chokha ndicho chifundo chimene sitinachiyenere.

Nicanor anakhala masiku khumi ndi limodzi makina akumupumira. Amparo anagona pampando masiku onsewo, ndipo masiku onsewo sanandilankhule. Tsiku lachitatu dokotala Tsosie anandipeza pakhonde la chipatala. Ndinamufunsa funso limene munthu wanzeru safunsa.

"Ndikanabwera naye 11 koloko?"

"Zambiri zikanapulumuka, bambo," anatero. "Sindinganene kuti zonse."

Lolemba lake anandiitana kuofesi ya pamwamba, kumene sindinakwereko chiyambire ntchito. Bwana wina wa tayi, wamng'ono woti ndingamubereke, anayala mapepala atatu patebulo.

"Bambo Barragán, dzanja ili ndi lanu?"

Zaka makumi awiri ndi ziwiri mabwana akundidutsa pabwalo ngati mtengo wa magetsi, tsiku lodziwa dzina langa linali limenelo.

"Ndi langa."

"Timakukhulupirirani."

"Munkandilipira ngati simundikhulupirira," ndinatero. Koma ndinadziwa kuti iye akunena zoona, ine ndikungouwa. Alonda anandiperekeza kugeti, anthu amene ndinkagawana nawo nkhomaliro. Penshoni inapita. Kukhoti woweruza anayang'ana Nicanor ali panjinga ya odwala, kachubu m'mphuno, n'kunena kuti ndende si chipatala, akagwire chilango chake kunyumba. Ine anandipatsa changa, ndikuchigwirabe, kutola zinyalala m'mbali mwa msewu nditavala chikasu. Casimiro mpaka lero sanapezeke. Ena akuti ali ku Nevada, kavani anakapaka buluu. Ngakhale duwa limodzi sanatumize.

Mapapo a Nicanor anapola ndi zipsera. Kuchoka pageti kufika pakhonde amapuma kawiri. Masitepe sakwera. Mtsikana amene ankati amukwatira anabwera katatu, kachinayi anatumiza uthenga pafoni.

Mwezi wa Okutobala iye mwini anapempha kuti Bambo Mfumu abwere. Kulapa kwake kunatenga ola lathunthu, osati chifukwa machimo anali ochuluka kuposa a ena, koma mawu atatu aliwonse ankaima kuti apeze mpweya. Atatuluka Bambo Mfumu, anandiitana.

"Ababa."

"Ndili pano."

"Tsiku lija... pa lole... mukanakana."

Magazi anandikwera. "Ukanapanda kuba!"

"Eya," anatero. Anapuma. "Eya. Pepani."

Ndinaima pamenepo nditakunga zibakera. Mawu amenewo ndinawadikira miyezi inayi, koma atabwera ndinapeza kuti ngongole yaikulu ya kupepesa inali yanga. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi. "Nanenso," ndinatero. Zambiri sindidziwa kunena. Amparo anali pachitseko. Madzulo ake anandiikira chakudya patebulo m'malo mongochisiya pachitofu.

Lamlungu lotsatira ndinakalapa inenso.

Tsopano chenjezo, poti ndi limene andituma. Sindilikometsa.

Iwe mnyamata, iwe mtsikana: kuba sikuyamba ndi dzanja. Kumayamba tsiku limene wanyoza thukuta la kholo lako n'kukhala pansi ndi munthu wokuuza kuti zotsalira zilibe mwini. Chilichonse chili ndi mwini. Ulesi umene unamuletsa Nicanor kudzuka Lamlungu ndi womwewo unamuuza kuti kutulutsa gasi m'paipi kumachedwetsa. Ndipo mnzako wa kumowa sadzazimitsa injini tsiku limene adzakutule pageti.

Inu makolo: musasainire mwana bodza. Mukuti mukumuteteza, koma mukumukumbira. Ndikanamusiya alonda amugwire tsiku loyamba lija, bwenzi lero ali ndi mbiri yoipa ndi mapapo awiri.

Ndipo nonsenu mumve ichi, chimene sanatiphunzitse m'kalasi ya kufakitale. Tchimo lobisika limakutseka pakamwa pa tsiku lomwe pakamwa pakanakupulumutsa. Mpweya uja unawotcha mwana wanga mphindi imodzi. Maola asanu otsalawo tinamuwotcha ndife, iye ndi ine, chifukwa wakuba amaopa funso la dokotala kuposa imfa. Ngati pali chimene wabisa, kanene lero, udakali ndi mpweya wonenera.

Nicanor ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndalekera pano, akugogoda pakhoma. Ndi nthawi yokamusambitsa.